Sabata yolemba malangizo a pulogalamu ya m'masitolo

Ntchito yanga pa kampani yathu ya ku Longacres mu Lusaka ndi yolemba malangizo amene anthu amawerenga pogwiritsa ntchito mapulogalamu athu, ndipo sabata ino yonse yathera pa pulogalamu ya pafoni imene eni masitolo amalemberamo katundu ndi malonda a tsiku lililonse.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinali pa desiki, kudina batani lililonse ndi kujambula zimene zikuoneka pa sikirini. Dzina la batani sindilimasulira. Ngati palembedwa Save, ndimalemba kuti "dinani Save kuti musunge", chifukwa ndikalisintha, wowerenga amakhalira kufunafuna mawu amene pafoni pake palibe.

Lachitatu ndinapita ndi mapepala a malangizowo ku Kamwala kwa mayi wina wogulitsa zitenje. Ndinawapatsa foni ndi malangizo n'kukhala chete, pakuti kunyumba kwawo ine sindidzakhalako kuti ndiwalozere podina. Anayenda bwino mpaka pa mabatani awiri, Void ndi Refund, amene ndinali nditawafotokoza ndi mawu amodzi akuti "kubweza". Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwana wanga, ndikubweza chiyani apa, ndalama kapena chitenje?" Kulakwa kunali kwanga. Void ndi yofafanizira malonda olembedwa molakwika wogula asanalipire, pamene Refund ndi ya wogula amene analipira kale ndipo wabwera ndi katundu uja, kotero kuti ndalama ziyenera kutuluka ndipo chitenjecho chiwerengedwenso pa katundu wa m'sitolo. Munthu akasokoneza ziwirizi, madzulo ndalama za m'kabati ndi za pa Airtel Money kapena MoMo sizigwirizana ndi zimene pulogalamu ikuonetsa, ndipo woyamba kumuganizira zakuba amakhala mtsikana wogulitsa m'sitolomo. Zimenezi zinandivutitsa maganizo njira yonse yobwerera ku ofesi, moti tsamba limenelo ndinalilembanso tsiku lomwelo, batani lililonse ndi chitsanzo chake cha chitenje cha K150.

Mayiwo anandiuzanso kuti anthu awo amati "tinikani", osati "dinani". Ndinasunga "dinani" chifukwa malangizowa adzafikanso ku Chipata ndi ku Katete, koma pa tsamba loyamba ndinaika mawu onse awiri.

Lachinayi linathera pa mauthenga a USSD a mafoni a mabatani, aja amaoneka munthu akaimba nambala yokhala ndi * ndi #, momwe uthenga umodzi sungapitirire zilembo 182. Chinyanja chaulemu n'chotalika, choncho ndinadula mawu ambiri, koma "chonde" ndinakana kumuchotsa.

Lachisanu m'mawa ndinapeza kuti anzanga olemba pulogalamu asuntha batani la Refund, ndipo zithunzi 14 zinayenera kujambulidwanso. Ndinapezerapo mwayi wowafotokozera funso la mayi a ku Kamwala, ndipo anavomera kuika uthenga wofunsa ngati wogula analipira kale munthu asanadine Void. Lolemba ndidzapita nawo kwa mayi aja kuti akauyese.