Ndapulumukira m'kamwa mwa mbuzi

Ndangotuluka kumene kwa mayi amene amandiwerengera za misonkho kuno ku South Bend, mzinda wa m'chigawo cha Indiana ku America, mtima ukadali phaphapha. Atatsegula Form 5695, fomu yopemphera kuti boma likuchotsereko msonkho chifukwa choika sola panyumba, anandifunsa funso limodzi lokha: "Bambo, mapanelo a sola anamaliza liti kuwaika padenga?" Ndinapapasa m'chikwama n'kutulutsa kapepala kopindikapindika komwe ndinatsala pang'ono kukataya. Kanalembedwa 12 Disembala 2025. Mayiwo anangogwedeza mutu n'kumwetulira.

Abale, zinatsala pang'ono kundiphonya. Lamulo limene Pulezidenti Trump anasaina pa 4 Julaye 2025 linathetsa chithandizo cha boma cha 30 peresenti ya ndalama zogulira ndi kuika sola pa 31 Disembala 2025, pomwe poyamba chinkayenera kufika 2032. Ndipo amayang'ana tsiku lomaliza kuika zipangizo, osati tsiku limene unalipira. Batire yanga yalowanso m'chiwerengero poti ndi yoposa 3 kWh (muyeso wa magetsi amene batire imasunga). Sakupatsa ndalama m'manja ayi, amangokuchotsera pa msonkho umene ukanapereka.

Koma chimwemwe changa n'chosakwanira. Mnzanga wa kutchalitchi analipira mu Novembala, amisiri n'kudzabwera mu Januwale chifukwa cha chipale chofewa. Sapezapo ngakhale dola imodzi, ndipo ndine ndinamulimbikitsa kugula. Ndikusowa pomuyambira Lamlungu lino.