Riesling pa Phiri la Zomba

Madzulo ano ku Chawe, chifunga chitakuta mitengo ya paini, alamu anga atsegula botolo la vinyo woyera wa Riesling lomwe anabwera nalo kuchokera ku Germany, ndipo fungo lake la maapozi ndi mandimu latipeza tisanalawe n'komwe.

Mphesa za Riesling zopangira vinyoyu, zomwe zinatchulidwa kale m'zolembedwa za mu 1435, zimakonda malo ozizira ndi otsetsereka a m'mbali mwa mitsinje ya Mosel ndi Rhine ku Germany. Kumeneko zimapsa pang'onopang'ono, motero zimayamba kutsekemera kuwawasa kwake kusanathe. Kuwawasa kumeneko ndi komwe kwandigwira mtima, chifukwa kwayenderana bwino kwambiri ndi chambo chootcha chomwe timadya. Amene amanena kuti vinyo woyera ndi madzi a shuga chabe sanamulawepo ameneyu.