Lipoti la ulendo wathu wokaona abusa opuma ku Ekwendeni

Abale ndi alongo amene simunapite nawo, ndati ndikuuzeniko mmene tinayendera Loweruka lija. Tinapangana 7 koloko koma tinanyamuka patchalitchi itadutsa 8, kamvula kathu ka ku Mzuzu kanayamba m'bandakucha ndiye anzathu a ku Zolozolo ndi Mchengautuwa anavutika kupeza kabaza. Tinalipo amayi a Umanyano atatchena yunifolomu yawo, akulu ampingo, madikoni ndi achinyamata a kwaya, tonse mu kosta imodzi katundu kumbuyo.

Zomwe munapereka zonse zinafika, chimanga, mpunga wa kilombero, usipa wa ku Nkhata Bay, shuga, sopo, mafuta ophikira, nkhuku, mabulangete komanso zitenje za mayi busa. Ndalama munatumiza pa Mpamba ndi Airtel Money zija zinalowa mu envelopu, a msungichuma adzawerenga zonse Lamulungu tikaweruka.

Ekwendenitu si kutali, ndi makilomita ngati 20 basi pa msewu wa M1 wolowera ku Karonga, ndipo zimenezi ndi zomwe zinandiwawa ine, munthu anatitumikira zaka zonse zija akukhala pafupi chonchi koma chipumireni mpingo sunapiteko ngati gulu. Podutsa pa mishoni mkulu wampingo wina anawauza achinyamata kuti malo aja anatsegulidwa mu 1889 ndi a Walter Elmslie a mishoni ya Livingstonia pakati pa Angoni, ndipo chipatala ndi masukulu mukuonawa anachokera pamenepo. Kenako tinakhotera msewu wafumbi, matope okhaokha, mpaka penapake tinatsika nkumakankha.

Titafika kwaya inayambira kumsewu kuimba, abusa anatuluka ndi ndodo akuyenda pang'onopang'ono. Akalamba ndithu, maso akuwavuta, koma mutu uli bwinobwino. Amati akamva mawu a munthu nkumutchula dzina pompo, nkufunsa za mwana amene anamubatiza, za ukwati umene anadalitsa ngati ukadalipo, ena anagwetsa misozi atakumbutsidwa maliro a makolo awo amene abusawa anayendetsa mvula ikugwa kumanda. Ife amene tinabwera ku Mzuzu chifukwa cha ntchito kuchokera ku Lilongwe, Dedza kaya Zomba anatiyankhula m'Chichewa monga ankachitira kale tikulephera kutsatira ulaliki wa Chitumbuka.

A mlembi anawerenga Ahebri 13:7 ndipo tinapereka mphatso titagwada. Abusa poyankha sanadandaule za njala ayi, anangoti chimene chimawasowa ndi anthu, pa manse chitseko chinkagogodedwa usana ndi usiku koma pano foni imatha sabata osalira. Apa pabwalo ponse panangoti zii. Kunena zoona abusa akakhala pampando timapikisana kuwapatsa, Pepa Sande timavina nazo mpaka kutsogolo, akangotsanzika basi maso onse kwa atsopano, ngati kuti amene anachokawo ukalamba wawo auona okha.

Za mayi busa ndiye timaziiwala kwambiri. Mayi amenewa ndi amene ankaphikira alendo onse a mpingo, kugoneka anthu pabalaza, kuyendera odwala pamodzi ndi amayi, popanda malipiro aliwonse. Ngakhale tsikuli tinawaletsa koma anakana kuti alendo abwerere ndi njala, tinadya nsima ya nkhuku ndi mpiru wotendera, amayi athu anangowalanda mthiko kuti akhale pansi apume.

Tisanachoke madikoni anazungulira nyumba ndipo anapeza kuti denga la kuchipinda chogona likudontha, malata ena aola ndipo mvula ikagwa usiku amasuntha bedi. Tagwirizana mu kosta momwemo kuti zimenezi zisadikire chaka chamawa. Komiti ikumana Lachitatu madzulo kuvesitile kuti tione mtengo wa malata ndi misomali, ndipo anyamata amene mumadziwa ukalipentala mulembetse mayina kwa a mlembi, tikufuna tibwerereko mwezi uno usanathe.