Mphuno ya galu ku Campeche

Ndinafika ku Campeche, mzinda wa ku Mexico womwe uli m'mbali mwa nyanja ya Gulf of Mexico, mwezi wa Meyi, dzuwa likuswa mtengo ngati la ku Nsanje mu Okutobala. Basi yochokera ku Mérida imayenda pafupifupi maola awiri ndi theka, ndipo njira yonse mtima unali pamadzi. Kabudula wosambira ndinali nditavaliratu mkati mwa thalauza.

Kufika kunyanja, mchenga kulibe! Kuli malecón, khonde lalitali la simenti, kunsi kwake miyala ndi madzi osaya amatope. Ofuna kusambira amakwera galimoto mpaka ku Playa Bonita, cha ku Lerma. Ine ndinangoti njo, thaulo paphewa, ana a panjinga akundizungulira.

Ndinabwerera mkati mwa linga la mzindawo lomwe eni ake anayamba kumanga mu 1686 potopa ndi achifwamba apanyanja. Nyumba zake n'zokongola, zopaka utoto wamitundumitundu, koma thukuta linali kamukamu. Kubafa ndinapeza mipopi iwiri, wina C wina F. Poti sukulu tinapitako, ndinati C ndi madzi ozizira, n'kupotokola mpaka kumapeto. Mayo ine! Kumeneko C ndi caliente, otentha. Ozizira ali pa F, fría. Msana unachita kufiira, chinthu chovuta kuchitika pa khungu langa.

Madzulo ndinakhala pa tebulo la panja mumsewu wa Calle 59 n'kuitanitsa pan de cazón. Ndinkadziwa kuti pan ndi buledi, ndiye ndinkadikira kanthu kopepuka. Kunabwera zitumbuwa zopyapyala za chimanga zotchedwa tortilla, zosanjikiza, pakati nyemba zakuda ndi nyama ya shaki yaing'ono yonyenyanyenya, pamwamba msuzi wa tomato. N'chokoma, izi sinditsutsa. Pambali panali kambale ka anyezi wofiira, tomato ndi tizidutswa tachikasu, zonyowetsa ndi madzi a lalanje lowawasa.

Woperekera zakudya analoza kambaleko nati, “Pica.” Ndiye kuti kamaluma. Ndinamuseka. Munthu wokulira kambuzi n'kumuopseza ndi saladi? Ndinathira masupuni atatu, pomwe eni ake amangodontheza kunsonga kwa supuni.

Tizidutswa tija tinali habanero, mkulu wake wa kambuzi. Amayamba mwaulemu, kenako makutu kulira, misozi chuchuchu. Ndinakhuthula botolo lonse la madzi, moto n'kufalikira m'kamwa monse, chifukwa ukali wa tsabola susungunuka m'madzi. Chomwe chimauzimitsa ndi mkaka, ndipo mnyamata uja anali ataunyamula kale, akudikira patali. Zikuoneka kuti sindinali woyamba.

Nditapezako mpweya ndinafunsa dzina la kambaleko. Anati xnipec, ndipo m'chilankhulo cha Amaya, mtundu wa anthu a m'derali, ndiye kuti mphuno ya galu. Ndisanafunse chifukwa chake, anayang'ana mphuno yanga n'kundipatsira tishu wachisanu.