Mmene ndinaonera chisankho cha 2025 kuno ku Salima

Pa nthawi ya kampeni ya chisankho cha pa 16 Seputembala 2025, zimkuzamawu zinkasokosa ku Kamuzu Road kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Malole ankadutsa atadzaza achinyamata ovala makaka a zipani, pamene anyamata a kabaza ankachezera pamzere wa petulo atatsamira njinga zawo zamoto. Zimenezi zinkandiwawa mumtima, chifukwa mafuta oyendera misonkhano ya ndale ankapezeka ndithu, koma asodzi a ku Senga Bay ankavutika kupeza othira m'mainjini a maboti awo.

Ine sindinkafuna nsalu ya chipani kapena kandalama kopatsidwa mobisa. Ndinkafuna kumva mfundo zomveka zotsitsira mtengo wa feteleza ndi chimanga. Komabe ndinavota ndi chikhulupiriro, pokumbukira kuti pa 3 Febuluwale 2020 khothi linafafaniza zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 zija zinapakidwa Tipp-Ex, ndipo linagamula kuti wopambana azipeza mavoti oposa theka. Ndinanyadira kumva a Lazarus Chakwera akuvomereza kugonja bungwe loyendetsa chisankho la MEC lisanalengeze kuti a Peter Mutharika apambana, ngakhale kuti nkhawa yanga pa mtengo wa thumba la feteleza sinathe.