Kuti mufike kwa amfumu mumayamba mwaona nduna

Mwana wa mchemwali wanga anabadwira mungolo akupita kuchipatala, nde sanalembedwe ngati anzake obadwira ku mateniti. Wafika zaka 6 opanda setifiketi yakubadwa, ine ndinati ayi izi tizikonze, chifukwa mwana osakwana zaka 16 chiphaso chake ndi chomwecho, ID ija imayambira pa 16. Fomu yake ndi ija a NRB, ofesi ya boma yolembetsa anthu ndi kupereka ziphaso, amati NR8 ndipo mwana wobadwira kumudzi pamafunika a nyakwawa asayine ndikudinda.

Ine pokhala nthawi yaitali mtauni ndinangolunjika pakhomo pa amfumu fomu ili mmanja. Ndisanati odi nkomwe bambo ena achikulire omwe amasenda nzimbe pansi pa mtengo wa mango anandikodola, nkundifunsa kuti mwana wa ndani iwe, wadzera kwa ndani? Amenewo ndi a nduna. Mawuwa ambirife timangowamva pa wailesi, nduna ya zaumoyo, nduna ya zamaphunziro, koma kumudzi nduna ndi munthu amene nkhani yako imayamba yafika kwa iye, iye nde amakaitula kwa amfumu, ndipo amfumu akayankha nthawi zina yankho limadzeranso mwa iye ngakhale nonse mwakhala pamphasa imodzi. Ndinanjuta, kuwomba mmanja, nkufotokoza kuti ndine wa banja lakuti. Nkhope inamasuka pompo, anati aaa amayi ako ndinkawadziwa, khala apa.

Chimene ndinaona ine nchoti nduna sikuti ntchito yake ndikutsekereza ayi. Bambo aja anandifunsa zonse amfumu akanafunsa, tsiku lobadwa, kabuku ka kusikelo kali kuti, ndani analipo mwana akubadwa, mpaka anatuma kamnyamata kukaitana mayi amene anathandiza mungolo muja kuti akhale mboni. Pofika kwa amfumu nkhani inali itapsa kale, iwo anangofunsa mawu awiri, kusayina, chidindo phaa.

Kuboma nde kuli mayina ena. Pageti pali mlonda, mawu ochokera ku kulonda, ena amati gadi, yemweyo timamutchula akamalonda nyumba usiku kapena mbalame mmunda wa mpunga. Chonde musamakuwe kuti iwe gadi tsegula, zimandiwawa ndikamva, munthuyo ndi bambo wa ana ndipo waima padzuwa kuyambira mmawa. Ine ndinati mwadzuka bwanji bambo, ndabwera ndi za setifiketi ya mwana, anandilembetsa mbuku la alendo nkundilozera chitseko chenicheni, anandiuzanso kuti ndifulumire isanakwane 12 anthu asanapite ku lanchi. Mkati muli mesenjala, uyu ndi amene amadziwa kuti bwana alimo kapena ali ku miting'i, amatenga mapepala kupita nawo tebulo ili ndi ilo. Kenako kalaliki, wolandira fomu nkuona ngati zonse zadzazidwa bwino.

Koma pali mmodzi amene sali pa mndandanda wa ogwira ntchito, dobadoba. Anandipeza ndisanalowe nkomwe, watchena bwinobwino, akuti achimwene mkatimo mzere ndiwautali ndipatseni kangachepe ndikuthamangitsireni. Kusiyana kwake nkoti mlonda, mesenjala ndi nduna khomo analipatsidwa kuti aliyang'anire, pomwe dobadoba amakugulitsa khomo losakhala lake, ndipo ambiri amene amagwa mmanja mwake ndi agogo ochokera kumudzi omwe akuopa kufunsa, zomvetsa chisoni zedi. Ndinamukana mwaulemu nkukakhala pa benchi.

Kalaliki anapeza kuti dzina la bambo a mwana talilemba mosiyana ndi mmene lilili pa ID yawo, chilembo chimodzi chokha, anandikonzetsa pomwepo nkulandira fomu. Ndikutuluka mlonda uja anafunsa, zatheka? Ndinati zatheka bambo, anati mukabwera kudzatenga mudzafike mmawa.