Lachinayi, 9 Epulo 2020: tsiku la 14 la m'bindikiro

Ndadzidzimuka 5 koloko mbandakucha ngati ndikuthamangira teksi ya ku Randburg, kenako ndakumbuka kuti kopita kulibe. Thupi silinazolowerebe. Chiyambireni m'bindikiro wa kolonawu pa 27 Marichi, kachipinda kathu kakuseri kuno ku Cosmo City, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa, ndakadziwa mpaka ming'alu ya m'khoma.

Ndayamba ndi kumpopi. Pabwalo pano tilipo mabanja asanu, mpopi umodzi, chimbudzi chimodzi. Pawailesi akuti tizitalikirana, tizisamba m'manja ndi sopo pafupipafupi. Timatalikiranadi pamzere, koma chotsegulira mpopi n'chomwecho chomwe tonse tikugwira. Mayi wa ku Zimbabwe wa khomo loyandikana nafe waika kasopo m'sokosi n'kumangirira pampopipo kuti aliyense azisambirapo. Iyenso alibe zambiri, ndiye zandikhudza mtima.

Ufa ndiwo ukundisowetsa tulo. Thumba la makilogalamu 10 lija ndinalikhuthulira m'ndowa, ndipo m'mawa uliwonse ndimalemba mzere ndi khala pomwe ufa walekezera. Mzere wa lero uli m'munsi mwa theka. Tasiya kudya nsima kawiri: m'mawa phala, madzulo nsima ndi kabichi. Usipa wa kumudzi watsala wodzaza dzanja limodzi, ndausungira Pasaka.

Bambo akunyumba amapenta nyumba za anthu, ndiye akapanda kutuluka ndiye kuti palibe kanthu. Masiku oyamba ankangoyang'ana kudenga, mawu ochepa. Fodya nayenso boma linaletsa kugulitsa limodzi ndi mowa, ndiye mkwiyo umabwera pa zinthu zazing'ono. Koma lero atola mathireyi awiri a mazira, awadula n'kuwalumikiza kuti maenje akwane 32, atolera timiyala kuseri kwa chimbudzi, bawo yatheka. Akhala pakhomo ndi mwana wathu wamkazi kuyambira 10 koloko mpaka dzuwa kupendeka. Ndimamva akumuuza kuti, "Iwe, takata apa, usathamange, werenga kaye." Mwanayo akawadya miyala amakuwa mpaka aneba kusuzumira.

Mwanayu anabadwira konkuno. Sukulu anatsekera pa 18 Marichi, ndipo m'masabata amenewa ndazindikira chinthu chomwe chandipweteka: Chizulu ndi Chingerezi amalankhula ngati madzi, koma Chichewa amachita kufunafuna mawu. Vuto ndi lathu. Ndimanyamuka kukadali mdima, ndimabwera atagona, ndimuphunzitse nthawi yanji? Ndiye usiku uliwonse tsopano ndi nthano. Ndikati "Padangokhala," iye amayankha "Tili tonse" mwamphamvu ngati ali pabwalo la agogo ake. Dzulo inali ya Kalulu ndi chitsime, lero wandifotokozera yekha, mophonyaphonya koma mpaka kumapeto. Ndatembenukira kumbaula kuti asaone misozi.

Masana ndaimbira amayi ku Ntcheu pa WhatsApp ya mdzukulu wawo. Akuti kumeneko nakonso sukulu zinatsekedwa, ndipo amva pawailesi kuti kolona walowa m'dziko, wina wamwalira kale. Koma nkhawa yawo ndi ife. "Mwana wanga, mukudya koma?" Ndati, "Tikudya amayi, musadandaule." Chimanga chikuuma m'munda, posachedwa padzafunika matumba, mankhwala a anankafumbwe ndi aganyu okolola. Sanatchule za ndalama, ineyo ndiye ndamva. Mwezi ndi mwezi ndimatumiza pa Mukuru, koma madamu omwe ndimawagwirira ntchito anandilipira za Marichi zokha, za Epulo anangoti tidzaona. Lendi nayo ikudikira.

Lero ndi Lachinayi Loyera. Chaka chatha nthawi ngati ino tinali m'tchalitchi, ansembe akusambitsa anthu mapazi. Matchalitchi ndi otseka, ndiye tangopemphera atatu titakhala pabedi, kandulo ili pampando.

Usiku pulezidenti Cyril Ramaphosa walankhula. Mwini nyumba anakweza TV n'kutsegula zenera, tonse tinaima m'makomo mwathu kumvetsera. Tinkawerengera kuti pa 16 Epulo titulukamo. Wati awonjezera masabata awiri, mpaka kumapeto kwa mwezi, ndiponso kuti iye ndi nduna zake adula gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro awo kwa miyezi itatu. Ndikumvetsa chifukwa chake, matendawa ndi oopsa, sindikufuna kuona maliro pabwalo pano. Koma pabwalo panagwa chete wolemera. Mayi wa sopo uja anangoti "Mwari wangu," n'kutseka chitseko.

Bambo akunyumba sanalankhule. Asonkhanitsa timiyala ta bawo m'chitini, akuti mawa masewero apitirira. Ine ndatsegulanso ndowa ya ufa, ndayeza ndi kapu: makapu 23. Kuyambira mawa phala likhala la mwana yekha.